Mmene Mungasonkhanitsire Mauthenga a Pafoni a Chitchaina Oti Muziphunzirira Kuwerenga

Munthu amene akuphunzira Chitchaina amafika poti akhoza kuwerenga ndime yonse ya m'buku lake popanda kupunthwa, koma akalandira uthenga wa mizere iwiri kuchokera kwa mwini chilankhulocho amangoti kakasi. Zilembo zambiri amazidziwa ndithu, koma tanthauzo limamuzemba, chifukwa buku limalemba ziganizo zathunthu zokhala ndi mwininkhani, mneni ndi zizindikiro zonse za m'kalembedwe, pamene anthu akamalemberana pafoni amadula chilichonse chimene mnzawoyo akuchidziwa kale. Njira yodalirika yothetsera vutoli ndiyo kukhala ndi nkhokwe yanuyanu ya mauthenga enieni amene anthu anatumizirana pa zochitika za tsiku ndi tsiku, n'kumawawerenga mobwerezabwereza mpaka maso atazolowera kadulidwe kake.

Mauthenga oterewa amamukomera wophunzira chifukwa ndi aafupi. Uthenga umodzi wa SMS wolembedwa m'Chitchaina umalola zilembo 70 zokha, pamene wa zilembo za Chilatini umalola 160, ndipo ngakhale pa pulogalamu yotumizirana mauthenga ya WeChat, pamene munthu angathe kulemba zambiri, anthu ochuluka amakonda kutumiza tiziganizo tating'onoting'ono totsatizana. Nkhani zakenso zimakhala zomwezomwezo: kupangana nthawi yokumana, kupepesa chifukwa chochedwa, kufunsa mtengo, kuthokoza, kapena kudziwitsa munthu kuti katundu wake wafika. Motero zilembo zimene mwaziona lero mudzakumana nazonso mawa m'chiganizo china, ndipo kukumana nazo kawirikawiri kotereku ndi kumene kumazikhazika m'mutu.

Yambani mwasankha Chitchaina chimene mukufuna

Musanasunge uthenga ngakhale umodzi, dziwani dera limene mukufuna kuwerenga kalembedwe kake. Ku China anthu amalemba zilembo zosavuta zimene boma linayamba kukhazikitsa mu 1956, ndipo pafupifupi aliyense amalemberana pa WeChat, pulogalamu ya kampani ya Tencent imene inatuluka mu 2011 ndipo eni ake amaitchula kuti Weixin. Ku Taiwan amalemba zilembo zakale zokhala ndi mizere yambiri ndipo amagwiritsa ntchito kwambiri pulogalamu ya LINE. Ku Hong Kong nako zilembo ndi zakale, koma mauthenga ambiri a pa WhatsApp amalembedwa m'Chikantoni, chimene chili ndi mawu ake ngati 唔, 係 ndi 嘅, oti munthu wophunzira Chimandarini, chilankhulo cha boma ku China, sangawamve mmene eni ake akuwagwiritsira ntchito. Wophunzira amene angoyamba kumene asasakanize zimenezi m'nkhokwe imodzi. Akafuna kusunga zonse, uthenga uliwonse aulembe kumene unachokera.

Kumene mauthengawa angapezeke

Gwero loyamba ndi foni yanu yomwe. Ngati muli ndi mphunzitsi, mnzanu wa kuntchito, wogulitsa katundu amene mumachita naye malonda, kapena munthu amene mumaphunzitsana naye zilankhulo pa mapulogalamu ngati HelloTalk ndi Tandem, mauthenga amene iye amakulemberani ndiwo abwino kuposa ena onse, pakuti mukudziwa chimene chinachitika asanalembedwe. Komabe kumbukirani kuti munthu akadziwa kuti akulembera mlendo amafewetsa chilankhulo chake mwadala. N'chifukwa chake ndi bwino kupemphanso anzanuwo kuti akupatseniko mauthenga amene iwo amalemberana okhaokha pa nkhani zopanda chinsinsi, monga kupangana zokadya kapena kufunsana njira.

Gwero lachiwiri, limene ambiri amalinyalanyaza, ndi mauthenga otumizidwa ndi makina a makampani. Munthu wokhala ku China amalandira mauthenga ochokera ku 10086 ngati ali pa China Mobile, ku 10010 ngati ali pa China Unicom, ku 12306 akagula tikiti ya sitima ya pamtunda, komanso ochokera kumabanki ndi kumakampani onyamula katundu. Kawirikawiri dzina la wotumiza limakhala m'zitseko zakuda zoterezi 【】. Mwachitsanzo, uthenga wodziwitsa munthu za phukusi lake umaoneka motere:

【某某快递】您的包裹已到驿站，取件码3-2-1058，请于今日21:00前领取。

Uthengawu ukunena kuti phukusi lafika pamalo olandirira katundu, nambala yokatengera ndi imeneyo, ndipo munthuyo akalitenge lero isanakwane 9 koloko usiku. Chofunika kuona apa n'chakuti kalembedwe kake ndi kaulemu ndiponso ka muofesi: alemba 已 m'malo mwa 已经, 于 m'malo mwa 在, ndi 今日 m'malo mwa 今天. Mawu ofupikitsidwa amenewa ndi omwe mudzawapeze pa zikwangwani, pa mafomu ndi m'manyuzipepala, choncho mauthenga a makina amakuphunzitsani Chitchaina china chosiyana ndi cha macheza. Mauthenga a anthu akuba nawonso ndi oyenera kuwadziwa, chifukwa wowerenga ayenera kuzindikira msanga mawu ngati 中奖, onena kuti wapata mphoto, ndi 点击链接, omuuza kuti atsegule linki. Mukasunga uthenga wotere, fufutani linkiyo musanaitsegule n'komwe.

Palinso nkhokwe zimene akatswiri a kafukufuku anasonkhanitsa kale. Yodziwika bwino ndi NUS SMS Corpus ya ku National University of Singapore, imene ili ndi mauthenga a Chitchaina oposa 30,000 operekedwa ndi anthu mwa kufuna kwawo. Imathandiza munthu amene sanapeze anzake olemberana nawo, ngakhale kuti mauthenga ake ndi a zaka zingapo zapitazo ndipo amabwera opanda chiyambi cha nkhani yake. Zithunzi za macheza zimene zimafalitsidwa pa intaneti zichenjereni, popeza zambiri zimapekedwa pofuna kuseketsa anthu. Mauthenga opangidwa ndi kompyuta nawo amakhala osalala mopitirira muyeso, opanda zodula ndi zolakwika zimene mukufuna kuzizolowera.

Chilolezo ndi zoyenera kufufuta

Uthenga wa pafoni ndi wa anthu awiri kapena kuposerapo, ndipo kuulandira sikukupatsani ufulu wougawira ena. Pemphani momveka, ndipo mungathe kutero m'Chitchaina chomwecho: 我可以把这几条消息存下来练习阅读吗？名字和号码我会删掉。 Apa mukufunsa ngati mungasunge mauthenga angapowo kuti muziphunzirira kuwerenga, n'kulonjeza kuti mayina ndi manambala muwachotsa. Mnzanu akakupatsani macheza a iye ndi munthu wina, winayonso ayenera kuvomera. Macheza a m'magulu akuluakulu, makamaka a kuntchito, a makolo a ana a sukulu kapena a odwala, ndi bwino kungowasiya, chifukwa simungathe kupempha aliyense. Dziko la China lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za munthu limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Novembala 2021. Lamuloli silikhudza zimene munthu akusunga pa zosowa za iye mwini kapena za banja lake, koma nkhani imasintha mukayamba kugawira kalasi kapena kuika mauthengawo poyera.

Pofufuta, yang'anani kwambiri manambala. Nambala ya foni ya m'manja ku China imakhala ndi manambala 11 ndipo imayamba ndi 1. Nambala ya chiphaso cha nzika imakhala ndi malo 18, ndipo mkati mwake muli dera limene munthuyo analembetsa komanso tsiku lake lobadwa, kotero kuti kuisiya n'kuulula zambiri nthawi imodzi. Chotsaninso manambala a akaunti ya kubanki, manambala a oda, keyala ya nyumba, dzina la sukulu kapena kampani, ndi nambala yachinsinsi yotsimikizira imene amaitcha 验证码. M'malo mwake ikani manambala opeka okhala ndi kutalika komweko, kuti maonekedwe a uthengawo asasinthe.

Pa mayina pakufunika nzeru pang'ono. Sinthani dzina la mtundu, koma mawu aulemu amene alumikizidwa nalo asiyeni. Munthu amene akutchulidwa kuti 老师 ndi mphunzitsi kapena wina wolemekezeka pa ntchito yake, 师傅 ndi dalaivala kapena mmisiri, 总 ndi bwana wa pakampani, pamene 哥 ndi 姐 amasonyeza kuti wotchulidwayo ndi wamkulupo koma ndi wozolowerana naye. Mukafufuta mawu amenewa pamodzi ndi dzina, mwataya chinthu chimene chimafotokoza chifukwa chake uthengawo walembedwa ndi 您 (inu, mwaulemu) osati 你 (iwe).

Sungani macheza onse, osati chiganizo chokha

Apa ndi pamene nkhokwe zambiri zimawonongekera. Wophunzira amaona chiganizo chomusangalatsa, n'kuchikopera chokha m'kope, ndipo pakapita miyezi iwiri sadziwanso amene ananena, amene ankauzidwa, ngakhale chimene chinkayankhidwa. Uthenga wa pafoni umadalira kwambiri zimene zanenedwa kale, moti ukauchotsa pamalo pake umatsala wopanda mutu. Taonani macheza awa a anthu awiri amene apangana kukumana (甲 ndi woyamba, 乙 ndi wachiwiri):

甲：到哪了？
乙：地铁上，马上到
甲：不急，我也刚出门
乙：嗯嗯

Woyamba akufunsa pamene mnzake wafika. Wachiwiri akuti ali m'sitima ya pansi pa nthaka ndipo afika posachedwa. Woyambayo akumuuza kuti asafulumire, iyenso wangotuluka kumene m'nyumba, ndipo winayo akuvomera. Mauthenga onse anayi ali ndi zilembo 18 zokha. Mawu oti "iwe" sakupezekamo ngakhale kamodzi, ndipo 我, kutanthauza "ine", walembedwa kamodzi kokha, pamene wolankhulayo akufuna kudziyerekeza ndi mnzake. Mneni wosonyeza kukhala pamalo, 在, wadulidwa m'yankho loyamba. Mukadasunga 地铁上 yekha, simukadadziwa ngati ndi yankho, funso kapena chiyambi cha nkhani ina. Palinso china chimene macheza athunthu amaphunzitsa: 马上到 amanenedwa ngakhale ndi munthu amene akadali kutali, ndipo mnzakeyo akudziwa zimenezo, n'chifukwa chake akumukhazika mtima pansi.

Choncho chimene muzisunga chikhale kagawo ka macheza, kuyambira pamene nkhani yayamba mpaka pamene yathera, kawirikawiri mauthenga atatu mpaka asanu ndi atatu. Pamwamba pa kagawo kalikonse lembani, m'chilankhulo chanu, mzere umodzi wonena ubale wa anthuwo, msinkhu wawo mongoyerekeza, chimene chinkachitika, ndi mwezi ndi chaka. Mzere umenewu ukhale wofotokoza zochitika zokha, usakhale womasulira mauthengawo, kuti powerenga musapeze yankho musanayese.

Sungani zilembo zenizeni, osati zithunzi zokha. Chithunzi cha pa sikirini n'chovuta kufufuzamo mawu, ndipo chimanyamula dzina ndi nkhope ya munthu. Pa WeChat mukadina uthenga n'kugwiritsitsa, pamabwera mawu angapo, ndipo 复制 ndi wokopera, 收藏 ndi wosunga pa zokonda zanu, pamene 多选 amakulolani kusankha mauthenga ambiri nthawi imodzi. Palinso 文件传输助手, malo amene mungadzitumizire nokha zinthu kuti mukazitsegule pa kompyuta. Ngati mwangopatsidwa chithunzi, mtanthauziramawu wa Pleco ali ndi gawo lozindikira zilembo za pachithunzi, koma zimene latulutsa muziyerekeze ndi chithunzicho, popeza limasokoneza zilembo zofanana ngati 己, 已 ndi 巳. Zonsezi muziike mu fayilo imodzi ya matebulo: danga la zochitika, danga la mauthenga, danga la pinyin (katchulidwe ka mawuwo m'zilembo za Chilatini), ndi danga la ndemanga zanu. Danga la pinyin likhale loti mungathe kulibisa.

Zolakwika za wolemba musazikonze. Anthu ambiri ku China amalemba pafoni pogwiritsa ntchito pinyin, njira yolembera katchulidwe m'zilembo za Chilatini imene inavomerezedwa mu 1958, ndipo foni imawapatsa zilembo zingapo zomveka mofanana kuti asankhepo. Munthu wofulumira amasankha cholakwika, ndiye mudzaona 在 pamalo pa 再, popeza onse amatchulidwa zài, kapena 的 pamalo pa 得 ndi 地, amene onse amatchulidwa de. Siyani uthengawo mmene unabwerera, n'kulemba chilembo cholondola m'danga la ndemanga. Kuzindikira cholakwika chotere ndi luso lofunika kwambiri, chifukwa kumafuna kuti mumve chiganizocho m'mutu mwanu, osangochiyang'ana ndi maso.

Kusanja ndi kuwerenga

Sanjani mauthengawo potsata zochitika, monga kukumana, chakudya, maulendo, kugula ndi kugulitsa, ntchito, matenda ndi zikondwerero. Kusanja kotereku kumaika pamodzi mauthenga ogwiritsa ntchito mawu ofanana. Mukawerenga macheza khumi opangana nthawi motsatizana, mudzaona nokha kuti tsiku limalembedwa kuyambira chaka, mwezi, kenako tsikulo, kuti potchula tsiku la mwezi pocheza amalemba 号 pamene makampani amalemba 日, kuti Lolemba likhoza kukhala 周一, 星期一 kapena 礼拜一, ndiponso kuti ndalama ya yuan pocheza imatchedwa 块 pamene banki imalemba 元. Mauthenga a Chaka Chatsopano cha Chitchaina, chimene chimachitika pakati pa 21 Januwale ndi 20 Febuluwale, ndi osavuta kusonkhanitsa chifukwa amabwera ambiri nthawi imodzi, ndipo amadzaza ndi mawu a zilembo zinayizinayi ngati 新年快乐, 身体健康 ndi 万事如意.

Pa kuvuta kwake, musadalire kwambiri magawo a HSK, mayeso oyesa luso la Chitchaina. M'dongosolo la magawo asanu ndi limodzi, gawo loyamba limafuna mawu 150, lachitatu 600, ndipo lachisanu ndi chimodzi 5,000, koma macheza a pafoni satsata mndandanda umenewu. Mawu ngati 外卖, chakudya chobweretsedwa pakhomo, ndi 快递, katundu wotumizidwa, amapezeka tsiku lililonse ngakhale kuti wophunzira woyamba sakumana nawo msanga m'buku. Njira yosavuta ndiyo kuona kuchuluka kwa zilembo zimene simukuzidziwa m'kagawo kalikonse. Zikakhala ziwiri kapena zitatu, kagawoko n'koyenera kukawerenga tsopano. Zikachuluka moti simungathe kulota nkhani yake, kaikeni padera ndipo mudzakabwerere pakapita miyezi ingapo.

Powerenga, yambani ndi mzere wa zochitika, kenako werengani mauthengawo pinyin itabisika, ndipo yesani kunena chimene munthu aliyense akufuna musanatsegule mtanthauziramawu. Mukatero fufuzani mawu amene anakuvutani, tsegulani pinyin, n'kuwerenga mokweza mawu, mukusamala kakwezedwe ndi katsitsidwe ka liwu. Pomaliza bisani uthenga womaliza, lembani yankho lanu pafoni, n'kuliyerekeza ndi limene mwini chilankhulo analemba. Nthawi zambiri lanulo lidzakhala lalitali kuposa lakelo, ndipo zimene iye wasiya ndizo phunziro la tsikulo. Amene amagwiritsa ntchito Anki, pulogalamu ya makadi olowezera mawu, aike kagawo konse kutsogolo kwa khadi, osati liwu limodzi. Mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu tsiku lililonse zimapindulitsa kuposa maola awiri kamodzi pa mlungu, ndipo magawo 100 owerengedwa kangapo amaposa magawo 1,000 amene angounjikidwa mu fayilo.

Zimene mtanthauziramawu sangakuuzeni

Danga la ndemanga limagwira ntchito kwambiri pa timawu ta kumapeto kwa chiganizo. Liwu loti 好 limavomera, koma likakhala lokha lingamveke louma. 好的 ndi yankho labwinobwino loyenera ngakhale kwa bwana, 好啊 ndi 好呀 amasonyeza kukondwa, pamene 好吧 ndi kuvomera monyinyirika, kwa munthu amene akadakonda zina. Momwemonso 嗯 mmodzi angaoneke ngati wolemba alibe chidwi, pamene 嗯嗯 ndi wofunda, ndipo kuntchito anthu amayankha 收到 posonyeza kuti uthenga aulandira. Kuseka kwenikweni kumalembedwa 哈哈哈, koma 呵呵, ngakhale kuti mtanthauziramawu amati ndi kuseka, achinyamata ambiri amakumva ngati kunyogodola. Kankhope komwetulira ka pa WeChat nakonso kali choncho: achikulire amakatumiza ndi mtima wabwino, pamene achinyamata amakagwiritsa ntchito posonyeza kuipidwa. Ichi n'chifukwa chake msinkhu wa wolemba uyenera kulembedwa pamwamba pa kagawo. Tinkhope ndi zomata zimenezi musazichotse pokopera. Zikakanika kukopereka, zifotokozeni ndi mawu pamalo pomwe zinali.

Kusonkhanitsa timawu timeneti kumafuna kufunsa eni chilankhulo, ndipo funso lothandiza si lakuti liwulo limatanthauza chiyani, koma lakuti iwo akanamva bwanji atalandira yankho lotero kuchokera kwa mnzawo, kwa mayi awo kapena kwa bwana wawo. Funsani anthu awiri kapena atatu a misinkhu yosiyana, ndipo akasiyana maganizo lembani maganizo onsewo.

Manambala ndi zilembo za Chilatini zimalowanso m'macheza. 88 ndi kutsanzikana, 520 amamveka mofanana ndi mawu oti "ndimakukonda", 555 amatsanzira kulira, ndipo 666 ndi kuyamikira luso la munthu. Zidule ngati yyds, kutanthauza chinthu chopambana zonse, ndi xswl, kuseka mpaka kufa nako, zimapangidwa ndi zilembo zoyamba za pinyin. Izi zimakopa ophunzira, koma ine ndimaona kuti siziyenera kupatsidwa malo aakulu, chifukwa zambiri zimatha msanga ndipo munthu wozigwiritsa ntchito zitatha kale amaseketsa. Zizindikireni mukaziona, lembani chaka chake, ndipo nthawi yanu yambiri ipite ku timawu ngati 吧, 呢, 嘛 ndi 啦, timene sitichoka.

Mauthenga ambiri a pa WeChat amabwera ngati mawu ojambulidwa, amene satalika kuposa masekondi 60. Mukadina uthenga wotere n'kugwiritsitsa, mungasankhe 转文字 kuti pulogalamuyo iwasandutse zilembo. Zimene zatulukazo ndi zabwino kusunga, chifukwa zimaonetsa mmene anthu amalankhulira, koma ziikeni m'gulu lawolawo ndipo mwini chilankhulo aziyang'ane kaye, pakuti makinawo amalakwitsa akakumana ndi katchulidwe ka kudera kapena phokoso la mumsewu.

Musazengereze kukopera. Wotumiza uthenga pa WeChat angathe kuubweza mkati mwa mphindi ziwiri, ndipo uthenga wobwezedwa usasungidwe ngakhale munauona kale, popeza mwini wake wasonyeza kuti sakuufuna. Macheza ena onse amakhala mufoni momwemo, kotero kuti mukasintha foni kapena kufufuta pulogalamuyo musanawasamutse, amatayika. Patulani tsiku limodzi pa mlungu loti muzisamutsira mauthenga atsopano mu fayilo yanu, kufufuta mayina ndi manambala nthawi yomweyo, ndi kusunga fayilo ina yofanana nayo pamalo ena otetezedwa ndi pasiwedi.